Khutba ya Ijumaa: Amana ya Olera Ana ndi Lamulo la Katemera

KHUTBA YOYAMBA

Kuyamikidwa ndi kutamandidwa konse nkwa Allah, Yemwe amaumba mwana m'mimba mwa mayi wake, namutulutsa ali wofooka ndi wosadziwa kanthu, kenako naika chifundo m'mitima ya akuluakulu kuti amunyamule kufikira adzaime payekha. Tikumupempha chikhululuko ndi chiongoko, ndipo tikudzitchinjiriza mwa Iye ku zoipa za mitima yathu ndi zoipa za ntchito zathu. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah Yekha, ndipo tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa Maswahaba ake, ndi pa onse owatsatira mwaubwino mpaka Tsiku la Chiweruzo.

Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni ndiponso tikukulangizani inu kuti timuope Allah mobisika ndi moonekera, pakuti kumuopa Iye ndiye kamba wa paulendo wopita ku Akhera.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, m'midzi ndi m'matauni mwathu makanda ambiri satha tsiku lonse ali kumsana kwa amayi awo. Mayi amalawirira kumsika, kumunda, kunyanja kukagula nsomba, kapena kuntchito yolembedwa, ndipo mwana amatsala m'manja mwa munthu wina. Wina amamusiya kusukulu ya mkaka, wina kwa mtsikana wolera ana pakhomo, wina kwa amwalimu a kalasi ya ana aang'ono kumadrasa. Alipo ana amasiye amene moyo wawo wonse uli m'manja mwa antchito a nyumba zosamalira ana. Funso la lero likukhudza anthu amenewa. Ngati aboma oona zaumoyo, kapena eni ake a malo olerera ana, ataika lamulo lakuti munthu asagwire ntchito yolera ana pokhapokha atalandira katemera woyenera, kodi chimenecho n'chilungamo, kapena n'kupondereza wantchito?

Amene amadandaula ndi lamulo lotere si onse amene ali ouma mitu, ndipo mawu awo ayenera kumvedwa bwino tisanawayankhe. Iwo amati thupi ndi amana imene Allah adapereka kwa munthu aliyense payekha, ndipo ma Ulama ambiri akale adanena kuti munthu wamkulu wanzeru zake sakakamizidwa kumwa mankhwala. Amatinso olera ana ali m'gulu la antchito olandira zochepa kwambiri, kotero kuti kumuuza mayi wotere kuti abayitse jakisoni kapena achoke ndi chimodzimodzi kumuopseza ndi njala ya ana ake. Ena ali ndi mantha enieni chifukwa cha zimene adamva zokhudza katemera, ndipo mantha satha chifukwa chakuti wina wakalipa. Zonsezi nzoona, ndipo tidzabwereranso kwa izo m'khutba yachiwiri. Koma tiyambe taona chimene chimasiyanitsa ntchito imeneyi ndi ntchito zina.

Mmisiri wa matabwa akakana mankhwala a nthenda yake yosapatsirana, wovutika ndi iye mwini. Wolera ana amagwira ntchito ndi thupi lake lonse. Amabereka mwana kumsana, amamupumira kumaso pomutonthoza, amaziziritsa phala ndi mpweya wa m'kamwa mwake, amamusambitsa, amamusintha thewera, kenako ndi manja omwewo amanyamula mwana wina. Chimene chili m'chifuwa mwake ndi m'manja mwake chimafika kwa ana onse a m'chipindamo dzuwa lisanalowe. Ndipo amene akumulandira ndi khanda losatha kusankha womulera, losatha kuthawa, losathanso kunena kuti lero amene wandinyamula akutsokomola.

Tione mmene matendawa amayendera, pakuti Msilamu saweruza nkhani asanaidziwe. Chikuku ndi imodzi mwa nthenda zopatsirana msanga kuposa zina zonse zimene madokotala amazidziwa. Mwa anthu 10 opanda chitetezo amene akhala pafupi ndi wodwala, pafupifupi 9 amatenga nthendayi. Kachilombo kake kamatha kutsala mumpweya wa m'chipinda kwa maola awiri wodwalayo atatuluka kale, ndipo munthu amayamba kupatsira anzake masiku anayi zidzolo zisanaoneke pakhungu. Wolera ana angathe kuganiza kuti ali ndi chimfine wamba, nabwera kuntchito ndi mtima woyera, pamene akugawa nthenda. Tsono kumbukirani kuti kusikelo mwana amalandira katemera woyamba wa chikuku akakwana miyezi 9. Khanda la miyezi 6 kapena 7 lili panja pa mpanda umenewo, ndipo limatetezedwa ndi chitetezo chochepa chimene lidatenga kwa mayi wake pamodzi ndi thanzi la akuluakulu olizungulira. Chifuwa chokoka mtima nachonso chimatero: kwa wamkulu chimangooneka ngati chifuwa chosamva mankhwala, koma khanda la masabata ochepa chimatha kulitsekereza mpweya mpaka kulipha. Palinso rubella, nthenda yofanana ndi chikuku koma yopepuka kwa ana, imene ikagwira mayi wapakati m'miyezi yoyamba imatha kuchititsa kuti mwana abadwe wosamva, wosaona bwino, kapena wa vuto la mtima. Pakhomo la sukulu ya mkaka pamadutsa amayi oyembekezera tsiku lililonse.

Nkhani ya poliyo taiona ndi maso athu. M'chaka cha 2020 Africa idalengezedwa kuti yathana ndi kachilombo ka poliyo ka m'chilengedwe. Mu February 2022 dziko la Malawi lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi kachilomboka, ndipo mu May chaka chomwecho kadapezekanso kwathu kuno m'boma la Changara, m'chigawo cha Tete, patatha zaka 30 chionekereni m'dziko lino. Ana 8 adapuwala m'chigawo cha Tete chaka chimenecho. Ofufuza adapeza kuti kachilomboko kadali ka mtundu wa ku Pakistan. Kadayenda mtunda wonsewo m'matupi mwa anthu amene sadadziwe kuti akunyamula kanthu, pakuti ambiri ogwidwa ndi poliyo saonetsa chizindikiro chilichonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 200 ndiye amapuwala kotheratu. Phunziro lake ndi lakuti munthu wooneka wathanzi angathe kukhala mlatho umene nthenda imaolokerapo kupita kwa mwana.

Inu akapolo a Allah, Shariah yathu idaiganizira kale nkhani ya wolera mwana wa mnzake. Qur'an yolemekezeka, m'Surah Al-Baqarah, imalola makolo kufuna mayi wina woyamwitsa mwana wawo, bola amulipire mwaubwino. Mtumiki wathu, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adayamwa kwa mayi Halima a fuko la Banu Sa'd, ndipo adaleredwa ndi mayi Umm Ayman, amene adawalemekeza moyo wake wonse. Mwana wake Ibrahim adamupereka kwa mayi woyamwitsa wa kunja kwa mzinda wa Madina, mkazi wa wosula zitsulo, ndipo ankayenda kukamuona mwanayo kumeneko. Ntchito yolera ana ili ndi ulemerero waukulu m'Chisilamu. Chifukwa cha ulemerero womwewo, akatswiri a Fiqh adaiikira malire. Adalemba kuti mayi wolembedwa ntchito yoyamwitsa asadye zimene zingaononge mkaka wake, ndiponso kuti akadwala nthenda imene makolo akuopa kuti ivulaza mwana, makolowo ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano. Ma Ulama amenewa ankadziwa bwino kuti chakudya cha munthu ndi thupi lake ndi zake. Adaona kuti munthu akavomera kunyamula mwana wa mnzake, gawo lina la ufulu umenewo walimangirira ku ubwino wa mwanayo.

Apa ndipo pagona yankho. Lamulo lakuti wolera ana alandire katemera silimugwira munthu pamsewu n'kumubaya. Ndi chofunikira cha ntchito, monga mmene woyendetsa galimoto yonyamula anthu amafunsidwa chiphaso, ndi mmene wophika chakudya cha anthu ambiri amafunsidwa kuyezedwa kuchipatala. Mtumiki adatiphunzitsa kuti Asilamu amasunga zimene agwirizana, malinga ngati sizikuloleza choletsedwa kapena kuletsa chololedwa. Adatiphunzitsanso kuti m'Chisilamu mulibe kudzipweteka kapena kupweteka wina, ndipo pa maziko amenewa ma Ulama adamanga lamulo lakuti vuto laling'ono la munthu mmodzi limapiriridwa pofuna kutchinga vuto lalikulu la anthu ambiri. Kupweteka kwa mkono ndi kutentha thupi kwa tsiku limodzi tikakuika pa sikelo pamodzi ndi khungu, kupuwala kapena imfa ya khanda, palibe amene angakaike mbali yolemera. Bungwe la akatswiri a Fiqh ochokera m'maiko a Chisilamu, pamsonkhano wake wa ku Jeddah m'chaka cha 1992, lidagamula kuti kufuna mankhwala kumasanduka chikakamizo ngati nthendayo ili yopatsirana, ndiponso kuti olamulira ali ndi mphamvu yolamula katemera woteteza anthu.

Ndipo ife Asilamu tidavomereza kale lamulo lotere pa ulendo wopatulika kuposa maulendo onse. Wopita ku Hajj amafunsidwa chikalata chosonyeza kuti adalandira katemera wa matenda oumitsa khosi. Lamuloli lidakhwimitsidwa pambuyo pa mliri umene udabuka pakati pa ma Hajji m'zaka za 2000 ndi 2001, iwo nautengera kumaiko kwawo. Sitidamvepo Hajji atabweza ulendo wake ponena kuti jakisoni wamulanda ufulu. Ngati timatambasula mkono pofuna kuteteza akuluakulu anzathu pozungulira Ka'ba, tingaupinde bwanji pamene wofuna chitetezo ali khanda?

Alipo amene amati zonse zidalembedwa kale, ndipo katemera ndi chizindikiro cha kuchepa kwa tawakkul. Yankho lidaperekedwa ndi Umar ibn Al-Khattab, Allah asangalale naye. Pa nthawi ya mliri wa ku Amwas, iye adali paulendo wopita ku Shaam, ndipo atafika pamalo otchedwa Sargh adamva kuti mliri wabuka kutsogolo. Atafunsira maganizo kwa Maswahaba adaganiza zobwerera. Abu Ubaida adamufunsa ngati kumeneko sikudali kuthawa chikonzero cha Allah. Umar adayankha kuti kubwererako nakonso kudali m'chikonzero cha Allah, napereka fanizo la mbusa wofika pa chigwa cha mbali ziwiri, ina ya msipu ina youma: kulikonse kumene angadyetse ngamira zake, wadyetsa mwa chikonzero cha Allah, koma wanzeru amasankha msipu. Kenako Abdurrahman ibn Auf adafika ndi Hadith yoletsa kulowa m'dziko la mliri ndi kutulukamo mothawa. Mtumiki yemweyo adalangiza kuti ngamira zodwala zisasakanizidwe ndi zathanzi, ndipo adauza munthu wina kuti ayambe wamanga ngamira yake kenako ayedzamire kwa Allah. Kutsata njira zodzitetezera ndi gawo la tawakkul. Ndipo chidziwitso chimenechi si chachilendo kwa ife: sing'anga woyamba kulemba momveka bwino kusiyana kwa chikuku ndi nthomba adali Abu Bakr Ar-Razi, amene adagwira ntchito m'chipatala cha ku Baghdad zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Za mphekesera tinene mosabisa. M'chaka cha 2003 madera ena a kumpoto kwa Nigeria, makamaka Kano, adaimitsa katemera wa poliyo chifukwa cha mbiri yakuti adali ndi mankhwala oletsa kubereka. Katemerayo atayezedwa, ntchito idayambiranso m'chaka cha 2004, koma madzi adali atatayika kale. Kachilomboko kadafalikira kumaiko pafupifupi 20, mpaka ku Yemen ndi ku Indonesia, ndipo ana ambiri amene adapuwala adali ana a Asilamu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Qur'an, m'Surah Al-Hujurat, imatilamula kufufuza nkhani tisanaigwiritse ntchito, kuopa kuti tingavulaze anthu mosadziwa n'kudzanong'oneza bondo pambuyo. Uthenga wa pa WhatsApp wopanda mwini si umboni.

Tikunena mawu amenewa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa zolakwa zathu ndi zanu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa nkwa Allah, Mwini chilungamo, Yemwe adadziletsa Yekha kupondereza ndipo adakuletsa pakati pa akapolo Ake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo, taona kuti lamuloli lili ndi malo m'Shariah. Koma lamulo lolungama likhoza kuyendetsedwa mopondereza, ndipo amana siili pa wantchito yekha. Mtumiki adatiphunzitsa kuti aliyense wa ife ndi mbusa ndipo adzafunsidwa za zimene adapatsidwa kuti aziyang'anire. Mwini sukulu ya mkaka, komiti ya madrasa, ndi bambo kapena mayi wolemba ntchito mtsikana pakhomo, onsewa ndi abusa a ana ndiponso abusa a antchito awo. Pali zinthu zimene ayenera kukwaniritsa kuti lamulo lawo likhale loyera pamaso pa Allah.

Choyamba, asadzisandutse madokotala. Kunena kuti wamkulu uyu akufunika katemera uti ndi ntchito ya azaumoyo, ndipo ngakhale pa mimbari pano sitingatchule mndandanda wake. Akuluakulu ambiri adadwala chikuku ali ana ndipo ali ndi chitetezo cha moyo wonse. Ena adabayidwa kale koma makhadi adatayika. Wolemba ntchito apite kuchipatala cha m'dera lake, afunse zimene zikufunika ndi zimene zilipo, ndipo asalamule chimene wantchito sangachipeze.

Chachiwiri, mtolo wa lamulo usenzedwe ndi amene waliika. Ngati chipatala chili kutali, ndalama yoyendera ichokere kwa wolemba ntchito. Tsiku lokabayitsa, ndi tsiku lotsatira ngati thupi latentha, lisadulidwe pa malipiro. Chimodzimodzi wolera ana akadwala malungo, zidzolo, kutsegula m'mimba, kapena chifuwa chopitirira masabata awiri chimene chiyenera kuyezedwa ngati si chifuwa chachikulu, apatsidwe mpata wokhala kunyumba popanda kuopa kuti ntchito yatha. Wantchito amene amadulidwa malipiro akadwala amaphunzira kubisa matenda, ndipo tchimo la kubisako wolemba ntchito ali nalo gawo.

Chachitatu, pali ena amene madokotala amawaletsa katemera wina. Mayi woyembekezera sabayidwa katemera wa chikuku ndi rubella, chimodzimodzinso munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri. Anthu otere sadalakwe kanthu. Apatsidwe ntchito ina kwa kanthawi, kutali ndi makanda, ndipo chinsinsi cha matenda awo chisungidwe, pakuti kuulula chinsinsi cha wodwala ndi kuphwanya amana.

Chachinayi, wamantha afotokozeredwe mofatsa ndipo apatsidwe nthawi. Ngati akufunsa za zimene zili m'katemera, auzidwe zoona. Akatemera ena amakhala ndi jelatini, ndipo ma Ulama ndi madokotala achisilamu amene adakumana ku Kuwait m'chaka cha 1995 adagamula kuti chinthu chikasinthika kotheratu kuchoka pa chiyambi chake chimakhala chololedwa. Palinso akatemera ambiri amene alibe jelatini n'komwe. Ngati akufunsa za swaumu, adziwe kuti ma Ulama ambiri amati jakisoni wosakhala wa chakudya samasula kusala. Mantha a jakisoni si chinthu chomusekera munthu. Munthu womaliza padziko lonse kudwala nthomba yoyenda mwachilengedwe adali Ali Maow Maalin, wophika pachipatala cha ku Merca m'dziko la Somalia, m'chaka cha 1977. Antchito a pachipatalapo ankayenera kulandira katemera, koma iye adazemba poopa kupweteka, ndipo adatenga nthendayo atangokwera galimoto limodzi ndi ana awiri odwala kwa mphindi zochepa. Allah adamuchiritsa, ndipo pambuyo pake adadzipereka kuyenda m'midzi kulimbikitsa makolo za katemera wa poliyo, akumawauza nkhani yake yomwe, mpaka pamene adamwalira m'chaka cha 2013. Wamantha wa lero akalankhulidwa mwaulemu angathe kudzakhala mphunzitsi wa anzake mawa.

Tsono zonsezi zikachitika, wantchito wathanzi n'kukanabe, wolemba ntchito ali ndi ufulu womuchotsa pa makanda. Amufunire ntchito ina ngati ilipo. Ngati palibe, asiyane mwaubwino, amulipire zake zonse mosachedwa, ndipo asamuipitsire mbiri m'mudzi. Ufulu wa munthuyo pa thupi lake sudalandidwe, ndipo ufulu wa khanda sudagulitsidwe.

Kwa inu alongo ndi abale athu amene mumalera ana a anzanu, dziwani kuti ntchito yanu ndi ya mayi Halima ndi mayi Umm Ayman. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi akakupatsirani khanda lake m'mawa, wakupatsani chinthu chimene sangachisinthanitse ndi chuma chilichonse, ndipo m'Surah An-Nisa Allah akutilamula kubweza amana kwa eni ake. Musadikire kuti lamulo likupezeni. Pitani kuchipatala, funsani, landirani zimene akulangizani, ndipo chitani zimenezi ndi niya yoteteza ana chifukwa cha Allah, kuti jakisoniyo akhale ibada yolembedwa m'kaundula wa zabwino zanu. Sambani m'manja ndi sopo mukasintha mwana thewera ndiponso musanamudyetse.

Kwa inu makolo, musafune kwa wolera chimene inu simudachite. Tsegulani khadi la kusikelo la mwana wanu lero lomwe, muone ngati pali katemera amene adadumphidwa, pakuti mwana wosabayidwa amaika pa ngozi anzake ndi womulera yemwe. Abambo, udindo umenewu ndi wanunso. Funsani, perekezani, perekani ndalama yoyendera. Ndipo ife atsogoleri a mizikiti ndi makomiti a madrasa tiyambe ndife, kuti malo athu olerera ana akhale chitsanzo m'dera.

E Allah, tetezani ana athu ku miliri ndi ku matenda oipa. E Allah, chiritsani odwala athu, ndipo apatseni chipiriro makolo a ana olumala. E Allah, dalitsani manja a onse olera ana, a anamwino, ndi a alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi, ndipo muwapatse rizq la halaal lokwanira. E Allah, tichiteni kukhala osunga amana, tipatseni nzeru yosiyanitsa choonadi ndi mphekesera, ndipo musalole kuti mwana aliyense avulale chifukwa cha kunyozera kwathu. E Allah, patsani dziko lathu la Mozambique mtendere ndi bata, ongolani atsogoleri athu, khululukirani makolo athu amoyo ndi amene adatsogola, ndipo mutisonkhanitse pamodzi ndi ana athu ku Jannah. Ameen.

Inu akapolo a Allah, mukumbukireni Allah ndipo muthokozeni pa mtendere umene watipatsa. Imirirani tiswali.